Adona Sakwera Lole

Makhuwira,
Lachisanu masana.

Marita mwana wanga,

Kuyambira Lolemba aliyense m'mudzi muno wakulangiza kupatula ine. Azakhali ako akulangiza, amayi a kumpingo akulangiza, anamkungwi anakutsekera m'nyumba tsiku lathunthu, ndipo ndamva kuti ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pa Livunzu uja anakuitanira pambali. Ine nditayesa kutsokomola pabwalo dzana, amalume ako anandiyang'ana monga amayang'anira mbuzi yolowa m'tchalitchi. Sindikuwada. Kwathu kuno bambo ndi mlendo wokhalitsa. Ntchito yake inatha kalekale, zotsala n'za amalume. Choncho za banja sindinenapo kanthu. Ndikulembera za Adona basi, poti pa nkhani ya njinga yamoto palibe mwambo umene umanditseka pakamwa.

Adona ndi ako. Ndinanena pamaso pa amayi ako, ndikulembanso pano kuti pasadzapezeke wina wonena kuti mkuluyo ankangocheza. Si katundu wopita limodzi ndi miphika ayi. Ndi ako iweyo, amene unapala dzimbiri lawo ndi mchenga ndi palafini titawatulutsa m'khola la nkhuku kumishoni, mmene anagona kuchokera pamene wansembe wawo anabwerera ku Ulaya. Dzinalo anawapatsa ndi amayi ako, ati chifukwa amadana ndi fumbi, amadana ndi dzuwa, ndipo sadya zimene timadya tonsefe.

Ndiye dzana lomwelo ndinamva azakhali a Zuze, mwamuna wako wa mawayu, akugamula pabwalo. “Nkhabe, ayi! Mtengwa sangalowe m'mudzi atatang'adza ngati mlangizi wa thonje. Chinthucho chikwere lole, apo ayi ayendetse mwamuna, iye akhale kumbuyo cham'mbali monga anthu.” Iwowo sindinadabwe nawo; akwawo a Zuze ku Marka anapereka ng'ombe, ali ndi ufulu wolankhula mokweza. Ndinayang'ana iwe. Unali kuwerenga nyerere pansi. Iwe mzamba wa setifiketi, amene unatsika ndi Adona phiri la Thabwa mvula ikugwa ine ndikupemphera kumbuyo, sunatulutse ngakhale liwu limodzi. Pamenepo mantha anandigwira, oti Adona apitadi ku Marka koma chiwongolero chawo iwe sudzachigwiranso. Ndibwererako ku nkhani imeneyi. Ndiyambe ndakuuza zimene ndikuloledwa.

Tiyambe ndi kuwadzutsa, ngakhale ndikudziwa kuti ukudziwa. Bambo amene salangiza zimene mwana akuzidziwa kale ndi bambo wanji? Tsegula petulo. Dinikiza kabatani ka pa kabuleta mpaka nsonga ya chala inyowe, osati mpaka pansi pachite chithaphwi. Kachitsulo kaja ka kumanzere kwa chiwongolero, kamene kamauza moto nthawi yobwera, ukabweze m'mbuyo kuti moto uchedwe. Tsitsa kiki pang'onopang'ono mpaka umve kuti pisitoni yakana, uidutsitse pamenepo pang'ono, ubweze phazi m'mwamba, ndiyeno ponda kamodzi ndi thupi lonse ngati ukupha njoka. Akalira, kankhira kachitsulo kaja kutsogolo. Ukaiwala kuchedwetsa moto, petulo amaphulika pisitoni isanafike pamwamba, injini imabwerera chambuyo, ndipo kiki ija imakubwezera zonse zimene waipatsa, ndi banyira pamwamba.

Ine ndinaphunzira zimenezi pamaso pa ana a Folomu 2. Ndinawakankha Adona mpaka kusukulu kuti ana aone mphunzitsi wawo wa mbiri yakale akuukitsa wakufa. Ndinaganiza monga munthu wa digiri: ngati moto ndi wabwino, moto wofulumira ndi wabwino koposa. Ndinakankhira kachitsulo kutsogolo kwenikweni, n'kuponda. Mwanawe, ku yunivesite ndinawerenga za kugwa kwa maufumu ambiri, koma palibe umene unagwa msanga ngati ine. Ndinadzidzimukira m'maluwa a ahedi. Mwana wina wa ku Ngabu anaimika dzanja mwaulemu. “Sala, kodi zimenezi tilembe?” Bondo ili ndi la tsiku limenelo, ndipo chaka chino lakaniratu. Ukudziwa wekha kuti kuyambira dzinja umawaliza ndiwe, ine n'kumangokwera ngati nduna.

Fumbi la kuno ndi mdani wa mapointi, timilomo tiwiri tija ta m'maginito opangira moto aja, timene timatseguka n'kutulutsa moto. Ku Marka fumbi lake ndi lomweli, kungoti limalankhula Chisena. Lamlungu ukachoka kutchalitchi uzivundukula, upukute ndi kansalu kosathothoka ulusi, ndipo ukaona kuti tachita zipsera upale pang'ono ndi kafayilo, osati ngati ukunola khasu. Pofuna kudziwa ngati moto ukubwera pa nthawi yake, tenga kapepala kopyapyala ka m'paketi ya ndudu, ukapanitse pakati pa timilomoto, ulowetse giya yomaliza, uzungulitse gudumu lakumbuyo ndi dzanja. Pamene kapepala kayamba kumasuka ndi pamene moto ukubwera. Yang'ana ngati kamtengo kathu kaja kolowetsa m'bowo la pulagi kafika pa mzere umene tinalemba. Ntchito imeneyi usaigwire uli ndi njala kapena uli wokwiya.

Ine ndinaigwira ndikuthamanga. Ukudziwa kuti kuchigwa kuno anandisamutsira chifukwa cha kasewero ka ana a sukulu kamene anthu anaseka pamalo posayenera, ndiye dzina langa linali kale ndi kafungo. Tsiku limenelo ndinatchera moto wochedwa kwambiri, ndipo njira yanga inadutsa pabwalo pamene panali msonkhano wa chipani. Pofuna kuonetsa ulemu ndinatsitsiratu mafuta kuti ndidutse mwakachetechete. Adona anameza petulo wosapsa, anamusunga m'paipi ya utsi, n'kudikira mpaka atcheyamani atafika pa mawu akuti iwo saopa munthu aliyense wobadwa mwa mkazi. Phaa! Ng'oma zinaleka. Amayi ovina anamwazika ngati nkhanga. Atcheyamani anapezeka pansi pa tebulo, ati ankafunafuna cholembera. Anyamata a malaya ofiira anandizungulira.

“Khadi?”

Ndinatulutsa.

“La akazi anu?”

Ndinatulutsanso. Wamkulu wawo anawayang'ana Adona nthawi yaitali.

“Nanga awa amene alankhula pamsonkhanowa?”

Ndinawadulira lawo pomwepo. Lili m'kabokosi ka masipanala, dzina lake Dona Makhuwira, ndipo panjira lakhala likundithandiza kuposa langa. Tsamba ili ukawerenga ukolezere mbaula. Koma phunzirolo usunge: moto wochedwa umaphulika pamalo olakwika, pamaso pa anthu olakwika.

Pulagi ndiyo mboni yosanama. Uziimasula injini itazizira, uyang'ane kunsonga. Ikakhala yakuda ngati kunsi kwa poto, Adona akudya mopitirira. Tsitsa singano ya m'kabuleta khwerero limodzi. Ikakhala yoyera ngati phulusa, akufa ndi njala ndipo akupsa m'kati, kweza. Yabwino imaoneka ngati khungu la mtedza wokazinga. Ngati n'kulakwa, lakwira kokuda. Pulagi yakuda imangofuna kutsuka, yoyera imadya pisitoni.

Funsa amayi ako. Nthawi ija petulo anasowa, akuluakulu n'kumatiuza kuti petulo alipo wambiri koma anthu ndiwo achuluka, ndinatsitsa singanoyo mpaka pansi kuti thanki imodzi itifikitse ku Blantyre ndi kutibweza. Ndinawafotokozera amayi ako ndi masamu omwe. Tinanyamuka m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo, iwo ali kumbuyo ndi dengu la mlamba wouma wa achemwali awo. Pakati pa phiri la Thabwa injini inayamba kulira ngati wina akugwedeza misomali m'chitini, kenako gwa, gudumu linauma. Pisitoni inali itakakamira. Amayi ako anatsika, anakonza duku, anasenza dengu lawo. “Aphunzitsi,” anatero, “masamu aja akuti tatsala ndi mtunda wautali bwanji?” Yankho sanalidikire. Iwo anakafika ku Blantyre pa lole ya thonje, ine ndinatsika phiri ndi Adona ngati munthu woperekeza maliro. Ukamva misomali ija, Marita, ima pamthunzi injini ipume. Ndipo m'mawa uliwonse akangolira, tsegula chivundikiro cha thanki ya oyilo uone ngati oyilo akubwerera m'kapaipi kaja. Akapanda kubwerera zimitsa nthawi yomweyo, ngakhale apongozi ako atakhala kale pampando.

Za nsalu. Boma lathu, mwa nzeru zake, linaona kuti mkazi wovala buluku akhoza kugwetsa dziko, ndiye uzikwera ndi diresi lalitali monga lamulo likufunira. Koma tcheni sichidziwa lamulo. Chikagwira m'mphepete mwa chitenje chimameza mpaka m'chiuno. Chophimba chija ndinakhoma ndi chitini cha palafini n'chonyansa, ndikudziwa, ndipo Zuze anachiyang'ana ngati chimuluma. Usalole kuti achichotse chifukwa cha kukongola. Pinda nsalu, uikhalire, monga umachitira nthawi zonse. Zamkati zija anakusokera amayi ako ndi nkhani ya iwe ndi iwo. Lamulo limathera pamene maso athera.

Adzabweranso obwereka. Alamu, asuweni, akatekisiti, wina ati akungofika kumalire n'kubwerera. Ine ndinabwereketsa kamodzi, kwa amalume ako omwewa. Anabwera madzulo akumwetulira, ati oyilo anachepa panjira koma usadandaule mlamu, ndathira wakale wa m'chigayo amene andipatsa ulere ku Masenjere. Ndinatsuka injini mpaka zikhadabo zinada, iwo mpaka lero amati anandipulumutsa. Akuchimuna sungawakanize, ndikudziwa. Ndiye usakane. Uziti, “Kwerani, ndikuperekezeni.” Yankho limeneli lilibe mwano, ndipo obwereka ambiri akalimva ulendo wawo umatha wokha.

Tsopano za maginito, nkhani imene tinakangana ine ndi Zuze mpaka tiyi anazizira. Iye ntchito anaphunzira m'galaja ya kumunda wa nzimbe ku Nchalo, panopa amakonza zigayo kwawo ku Marka, ndipo manja ake ndawaona, ndi abwino. Akuti maginito ndi zinthu za nthawi ya atsamunda. Tichotse, tiike batire ndi koyilo, nyale iziwala ngati ya galimoto. Ine ndinamuyankha ndi ulaliki. Ndinati maginito amadzipangira okha moto, sapempha kwa wina, pomwe batire likakufera pakati pa Bangula ndi Tengani umasanduka mlendo wa afisi. Ulalikiwo unali wokoma. Koma theka la chilungamo ndinalikhalira.

Theka lake ndi ili. Dzinja lina Livunzu atasefukira ndinawoloka ndi Adona madzi ali m'mawondo. Maginito anamwa, moto unathawa. Munthu wodekha akanavundukula n'kuyanika padzuwa, poti kuno dzuwa ndi chinthu chokhacho chimene sichisowa. Ine ndinawamasula n'kuwaika mu uvuni wa njerwa wa amayi ako, pambali pa mabanzi. Mabanzi anapsa bwino. Maginito nawonso anapsa bwino. Phula la m'kati limene limatchinjiriza tiwaya linafewa, ndipo kuyambira pamenepo Adona akazizira amalira kamodzi, koma akatentha n'kuzima ukhoza kuponda mpaka tsiku la chiweruzo. N'chifukwa chake ndimacheza nthawi yaitali paliponse pamene ndaima; anthu amati ndine wochezeka. Ku Marka kumatentha kuposa kuno, ndipo iwe ndiwe mzamba. Mayi amene akukuyembekezera m'mudzi wachiwiri sungamuuze kuti apirire, injini izizire kaye.

Ndiye Zuze akunena zoona, koma usamuuze kuti ndatero. Ku Limbe kuli mkulu wina amene amakulunganso tiwaya ta maginito. Mukhoza kutumiza kumeneko, kapena kuika koyilo ndi batire monga iye akufunira. Wosankha ndiwe. Mukasankha koyilo, muyambe mwaona ngati dayinamo ikudzaza, chifukwa batire losadzazidwa ndi mwala wongolemera. Madzi ake akhale a mvula, otchera m'mbale yoyera, osati a pachitsime amchere aja. Maginito akalewo musataye. Akulungeni m'nsalu ya mafuta, tsiku lina mudzawafuna. Sinthani chinthu chimodzi, muyende nacho kaye, kenako china. Mukasintha zonse tsiku limodzi Adona n'kudwala, simudzadziwa womuimba mlandu. Paipi ya utsi Zuze asadule kuti izimveka ngati ndege, mwamva kale zimene Adona amalankhula akapatsidwa mpata. Ndipo waya uliwonse umene ulowe m'njingamo udutse m'manja mwako. Lero iye agwire tochi iwe ugwire sipanala, mawa musinthane. Njinga imene mwini wake sadziwa kumene mawaya ake akupita yasiya kukhala yake, ngakhale akhale ndiye woipukuta.

Ndabwerera ku nkhani ija. Chete wako wa pabwalo ndikanamukhululukira, ndikanati ndi manyazi a pagulu. Koma m'mawa uno, iwe uli kwa atelala kukayesa diresi, Zuze anandipeza kuseri kwa nyumba akutsimphina, nsapato imodzi ili m'manja. Anagwada movutikira.

“Baba, njinga ija yandimenya.”

“Yakumenya pati?”

“Pa kakolo, baba. Ndimati mwina yalakwitsa, ndiye ndinayesanso.”

“Nanga zigayo zako sizimenya?”

“Zigayo zili ndi ulemu, baba. Ndiuzeni mmene mumachitira. Mawa anthu onse adzakhala akuyang'ana.”

Ndinamuuza kuti ine njinga ndilibe, akafunse mwini wake. Anaseka pang'ono, kenako analeka.

“Ndinawafunsa dzulo. Akuti anaiwala. Akuti zimenezo n'zachimuna, iwo ankangokugwirirani masipanala.”

Marita. Iwe kuiwala? Iwe amene umamva ndi khutu kuti vavu yamasuka tili pa liwiro? Ndikudziwa kumene wazitenga. M'nyumba muja anakuuza kuti mkazi wanzeru asamaoneke wodziwa kuposa mwamuna, ndipo anamkungwi sindikangana nawo, ali ndi ndodo zazitali. Koma taona zimene ulemu wako wachita: watupitsa phazi la munthu amene umamukonda. Mnyamatayo sanabwere kudzalanda njinga. Anabwera kudzafunsa, atagwada, nsapato ili m'manja. Mwamuna wofunsa amasowa kuposa petulo. Usamuphunzitse kuti kufunsa iwe n'kutaya nthawi. Ukaiwala dala lero, mawa udzaiwala china, ndipo pakapita zaka udzapezeka waiwaladi, uli kumbuyo cham'mbali, ukudikira kuti wina apeze mpata wokuperekeza kwa odwala ako, kapena kuno kwa amayi ako. Ku Marka n'kutali, mwanawe. Basi imabwera ikafuna, sitima chimodzimodzi. Ine sindikufuna kuti ndizikuona pa maliro pokha.

Asanachoke ndinamufunsa ngati angachite manyazi kulowa kwawo atakhala kumbuyo kwa mkazi wake. Anakanda m'mutu.

“Azakhali akalankhula, baba.”

“Azakhali ndawamva. Ndikufunsa iwe.”

Anayang'ana phazi lake, lotupa ngati papaya.

“Ine kumbuyo ndikuona kuti kuli bwino. Kuli mpando wofewa.”

Anaomba m'manja pothokoza m'Chisena, “Takhuta, baba,” n'kunyamuka akudumphira mwendo umodzi. Mwamuna ameneyo umusunge. Ayi, pepa, zimenezo n'za banja, ufufute.

Lole ya mawa yadzaza kale. Ndinawathandiza ndekha amalume ako kupakira, ndipo pamalo pamene anasiyira Adona ndinawalangiza kuti kabati ikhala bwino; anandiyamikira kwambiri. Azakhali a Zuze usawadere nkhawa, amayi ako avomera kuwakhazika pafupi ndi mbale ya nyama, nsana utaloza kumsewu. Ndiye mukatuluka m'tchalitchi, mukadya, mukavina, Adona adzakhala ataima pansi pa bwemba, thanki yodzaza, injini yozizira. Ine sindingawalize. Zuze sangawalize. Ndipo mpaka ku Marka palibe amene angawakankhe.

Ndidzakhala pakhonde ndi jekete langa lija lotentha, manja pamawondo. Sindidzakuitana, sindidzakulozera. Ndikungofuna kudzamva ndi makutu anga kuti wakumbukira.

Ndine,
Bambo ako.